Kodi atate oikidwa pacemaker ndi cyborg?

FUNSO: Atate anga anawaika pacemaker chaka chatha mtima wawo utayamba kugunda mochedwa. Adzukulu awo tsopano amawatchula kuti "cyborg", ndipo iwo zimawapweteka mumtima. Kodi dzinali ndi loona? Komanso ntchito yawo ndi yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Angabwerere kuntchitoko? — Wowerenga wa ku Kalingalinga

YANKHO: Ana aja sanalakwitse kwenikweni, koma muwauze atate kuti dzinali si chipongwe: limatanthauza chamoyo chimene thupi lake limagwira ntchito limodzi ndi makina. Analipeka ndi asayansi awiri, Manfred Clynes ndi Nathan Kline, mu 1960, poganizira anthu opita mumlengalenga. Chitsanzo chawo chinali khoswe woikidwa kapampu pansi pa khungu, kamene kankadontheza mankhwala m'thupi khosweyo osachitapo kanthu.

Muyezo wake si kuchuluka kwa zitsulo m'thupi ayi. Magalasi, ndodo ndi foni ndi zida chabe, mumatenga n'kusiya. Chitsulo cholumikiza fupa lothyoka chili mkati, koma sichimva kalikonse. Pacemaker ndi ina: kawaya kamodzi kapena tiwiri timadutsa mumtsempha wa pansi pa phewa mpaka mumtima, n'kumamvetsera kugunda kulikonse. Mtima ukachedwa kupitirira mlingo umene dokotala anatchera, kawirikawiri 60 pa miniti, kabokosi kamatumiza kamphamvu ka magetsi kuti ugunde. Kamamva, kamasankha, kamachita, mwini wake ali m'tulo. Chimenecho ndicho ankatanthauza a 1960 aja. Munthu woyamba kuikidwa kachipangizoka m'thupi, Arne Larsson wa ku Sweden, anamuika mu 1958 ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2001.

Za kuwotcherera, apa m'pofunika kusamala. Makina owotcherera ndi magetsi amatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo pacemaker ingaimve ngati kugunda kwa mtima. Ikanyengeka chotero imaleka kutumiza magetsi, munthu n'kuchita chizungulire kapena kukomoka. Choncho asanagwire ndodo yowotcherera afunse dokotala wawo wa mtima ngati mtimawo umatha kugunda wokha kapena umadalira kachipangizoka kotheratu. Ngati umadalira, ndi bwino aziyeza ndi kudula, achinyamata aziwotcherera. Akaloledwa, asapitirire ma amp 160, chifuwa chitalikire moto wowotcherera ndi masentimita 60, ndipo makinawo akhale pamtunda wa mita ndi theka. Mawaya awiri a makina owotcherera awapotere pamodzi, asawakoleke paphewa monga ambiri amachitira, ndipo waya wa earth aumange pafupi ndi powotcherera. Pamalo pakhale pouma, magolovesi ouma, asakwere makwerero, asakhale okha. Akamva chizungulire asiye pomwepo n'kuchokapo. Kachipangizoka kamabwerera mwakale akatalikira.

Foni isagone m'thumba la malaya la mbali ya pacemaker, italikire masentimita 15. Kuzimazima kwa magetsi kusakudetseni nkhawa poti batire ya pacemaker sitchajidwa; imatha patapita zaka pafupifupi 7 mpaka 12, ndipo amasintha kabokosi kokha, mawaya amatsala. Pabala la opaleshoni pakafiira, kutupa kapena kutuluka mafinya, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Nanga munthu wosadwala angaikitse chipangizo kuti apose anzake? Malire ali pati? — Wophunzira wa ku UNZA

YANKHO: Ena ayesapo. Kevin Warwick wa ku University of Reading anaikitsa kachipu m'mkono mu 1998 kuti zitseko zizimutsegukira, ndipo mu 2002 analumikiza timawaya 100 ku mtsempha wa ubongo wa m'mkono mwake, n'kuyendetsa nato dzanja la loboti. Neil Harbisson, amene anabadwa wosaona mitundu, ali ndi kamlongoti kumutu kamene kamasandutsa mitundu kukhala mawu, ngakhale mitundu imene diso la munthu siliona. Kodi kumeneko n'kuchiza kapena kuwonjezera? N'zonse ziwiri, n'chifukwa chake mzere wa pakati pa kuchiza ndi kuwonjezera sitiudalira kwambiri.

Malire enieni amaika ndi thupi. Thupi limaona chilichonse cholowa ngati mlendo, limachikuta ndi chipsera, ndipo mauthenga a timawaya amayamba kufooka. Pamene waya wabowola khungu ndi khomo la majeremusi. Kampani ya Neuralink itaika chipangizo mu ubongo wa munthu wopuwala, Noland Arbaugh, mu Januwale 2024, tina mwa timaulusi 64 ta chipangizocho tinasolokamo patangopita milungu yochepa. Wopuwala angalolere ngozi zoterezi popeza phindu lake n'lalikulu. Wathanzi amataya zambiri kuposa zimene angapeze, ndipo ife sitingamulimbikitse.

Malire ena ndi a wokonza. Anthu akhungu oposa 350 anaikidwa Argus II, kachipangizo ka m'diso ka maelekitirodi 60. Kampani ya Second Sight itasiya kukapanga mu 2019, amene kanawawonongekera anasowa kolowera. Ndiye musanasaine pepala la opaleshoni ya chipangizo chilichonse, funsani ngati makina ochiyezera alipo mu Lusaka muno, amene adzasinthe batire ndani ndipo pa ndalama zingati, ngati mungadzalowe nacho mu MRI (makina ojambula m'thupi ndi maginito), komanso ngati chingachotsedwe popanda kuwononga chiwalocho.