Funsani Mmisiri: Mawaya a masipika ndiwabise bwanji mkhoma?

Funso

Zikomo achimwene. Ine ndikumanga kanyumba kanga kuno ku Senga Bay, malata takhoma kale koma pulasitala sitinayambe. Mng'ono wanga anandibweretsera home theater kuchokera ku Joni, ili ndi ampulifaya, masipika asanu ndi sabuwufa imodzi, sipika ija ya besi, yomwe imalumikizidwa ku magetsi payokha. Nyumba ya lendi yomwe tikukhala panoyi mawaya amangoyenda pansi pa mkeka, mwezi watha mwana wanga wazaka ziwiri anakodwa nawo mpaka kugwetsa sipika, mwayi wake sanavulale. Ndiye kunyumba yatsopanoyi ndikufuna mawaya alowe mkhoma azingotulukira pa kapuleti ngati soketi. Amene akundiikira magetsi akuti tingoika soketi wamba zomwezi, mawaya a sipika tiwamange ku pulagi basi, akuti ndi zotchipa komanso zimapezeka paliponse. Kodi zimenezi zili bwinobwino?

Bambo wa ku Senga Bay, Salima

Yankho

Bambo, chonde soketi ya magetsi musaike pa sipika, olo akuuzeni kuti ndi yotchipa bwanji. Magetsi athu kuno ndi 230 volts, ndipo mukaika soketi ziwiri zofanana pakhoma limodzi, ina ya magetsi ina ya sipika, inu mudziwa kusiyanitsa koma mayi akunyumba posesa, mlendo, kapena mwana yemweyo akadzakula pang'ono sadzadziwa. Ndinaziona ndi maso anga kunyumba ina ku Nkhotakota, anachotsa masipika pokolopa, pobwezera mtsikana wina anangolowetsa pulagi ya sipika mu soketi yeniyeni, kunangomveka phuu kamodzi ndi fungo la waya wopsa, sipika inathera pompo. Ikanakhala pulagi yochokera ku ampulifaya ndiye kuti ampulifaya yonse yapita, mwinanso munthu kugwidwa ndi magetsi. Mmisiri wanuyo muwauze mwaulemu kuti apa pokha ayi.

Chofunika ndi puleti ya masipika yeniyeni, ija imakhala ndi timitu tiwiritiwiri tomanga ngati nati, kofiira ndi kakuda. Kuseri kwake mumamangako waya wochokera mkhoma, kutsogolo mumalowetsa waya wopita ku sipika, kaya pomanga ndi dzanja kaya ndi timapulagi tija amati banana. Kumbuyo kwa TV mufunika puleti yaikulu ya mapeya asanu, kwina konseko yapeya imodzi imodzi. Pogula samalani saizi. Ife kuno timatsatira za ku Britain, puleti yathu ndi yofanana mbali zonse, 86mm, yokwana pa bokosi lija amati 3 by 3. Za ku America ndi za ku Joni zambiri zimakhala zazitali, sizikwana pa bokosi lathu, ndiye ngati mng'ono wanuyo ndi amene akagule, abweretse ndi mabokosi ake omwe. Ngati mukagula ku Lilongwe tengani bokosi limodzi mthumba mukayese pompo mshopu. Bokosinso likhale lakuya, 35mm kapena 47mm, chifukwa timitu tija timatuluka kuseri ndipo mu bokosi la 25mm waya amapanikizika.

Mwachita bwino kufunsa pulasitala isanayambe, apa ndiye mwapulumutsa ndalama zambiri, anzanu amakumbukira atapenta kale nkuyamba kudula khoma ndi gilainda fumbi nyumba yonse. Ikani mapaipi a PVC, 20mm yopita ku sipika iliyonse, 25mm pomwe mawaya akumana ambiri kumbuyo kwa TV. Waya osamukwirira mu simenti opanda paipi, tsiku lomwe adzaduke mudzagumula khoma. Musiling'i namonso apite mu paipi, makoswe amakonda kutafuna pulasitiki ya waya komanso kutentha kwa malata kuno ku Salima mwezi wa October mukukudziwa nokha, waya wongogona pamtanda amauma nkuyamba kusweka. Paipi ya masipika ikhale payokha, isalowe limodzi ndi mawaya a magetsi, musiye mpata ngati 30cm, ndipo pomwe zikuyenera kudutsana zidutsane mopingasa osati kuyenda limodzi. Mupaipi iliyonse musiyemo chingwe chokokera, mmabokosi mufwatikemo mapepala a matumba a simenti omanga asanayambe kuponya matope, apo ayi mudzapeza paipi yatsekeka ndi simenti youma.

Nkhani ya waya ndi yomwe anthu ambiri amabeledwa. Pali waya wooneka ngati kopa koma mkati ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, pa lebulo amalemba CCA, ena salemba nkomwe. Tengani kampeni mupale tiwaya tamkatimo, mukaona kukuyera ngati siliva msiyeni. Ameneyo amathyoka msanga pomanga, ndipo ndi chinyezi cha kunyanjako sachedwa kuchita dzimbiri pa mfundo. Gulani wa kopa yeniyeni wa tiwaya tambirimbiri tofewa. Yang'anani kuseri kwa masipika anu, palembedwa 8 ohms, 6 kapena 4. Ngati ndi 8, waya wa 1.5mm akwana mpaka mamita 15. Ngati ndi 4, kapena mtunda wapitirira apo, tengani wa 2.5mm. Ndipo poyeza musayeze pansi molunjika, waya akwera khoma, ayenda musiling'i, atsikanso, pabalaza pa mamita asanu mutha kudabwa waya wakwana 12. Ine kwa masipika akumbuyo ndimangoti 2.5mm basi, kusiyana kwa mtengo ndi kochepa poyerekeza ndi kudzabwereza ntchito.

Malo a mapuleti muganize mutakhala pomwe padzakhale mpando. Masipika awiri akumbuyo aja sakhala kumbuyo kwenikweni ayi, amakhala mmbali mwanu chakumbuyo pang'ono, pamwamba pang'ono pa makutu a munthu wokhala pansi. Wapakati uja ndi amene amatulutsa mawu a anthu olankhula mu filimu, akhale pansi kapena pamwamba pa TV penipeni. Sabuwufa yanu popeza ili ndi magetsi akeake siifuna waya wa sipika, imafuna chingwe cha RCA, chija cha kapulagi kozungulira kokhala ndi kapini kamodzi pakati, ndiye pakona pomwe idzakhale muikepo puleti ya RCA ndi soketi ya magetsi pafupi. Chingwe chimenechi ndi chomwe chimatola kulira kuja kwa mmmm chikayandikana ndi mawaya a magetsi, chitalikitseni kwambiri kuposa zinazo.

Pomanga, siyani waya wotsala ngati 20cm mu bokosi, musadule ndendende. Sendani sentimita imodzi, potani tiwayato tigwirane, lowetsani mu kabowo mumange zolimba, kenako kokani pang'ono muone ngati sakusolomoka. Kawaya kamodzi kokha kothawa nkukhudza mutu winawo ndi shoti, ampulifaya imangozima yokha kapena kupsa kumene, ndiye yang'anani ndi tochi musanatseke. Waya wa sipika amakhala ndi mzere kapena zolemba mbali imodzi, mbali imeneyo ipite ku kofiira konsekonse, ku ampulifaya, kupuleti zonse ziwiri, mpaka ku sipika. Mukatembenuza pamalo amodzi sipika ilira ndithu, palibe chipse, koma besi imachepa ndipo mawu amamveka ngati akuchokera kosadziwika, anthu nkumati makinawo ndi achabechabe pomwe vuto ndi waya awiri osinthana.

Musanalumikize ampulifaya tengani batire la tochi la 1.5 volts. Lumikizani masipika onse ku mapuleti awo, inu mupite pa puleti yaikulu ija, mugunditse waya wofiira kumutu kwa batire wakuda kunsi kwake, kungogunda nkuchotsa. Sipika yake ilira kuti thu, ndipo mukachotsa kansalu kakutsogolo muona pepala lake likutumphukira kunja, likalowa mkati ndiye kuti mwatembenuza penapake. Wina aime pa sipikapo azikuuzani, inu muzilemba pa kathepi, kumanzere kutsogolo, kumanja kumbuyo, choncho mpaka onse asanu, nkumata pa puleti pomwepo.