Funsani Aphunzitsi: Mawu akuluakulu a Chingerezi akundigwetsa

FUNSO: Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo chaka chino ndilemba MSCE. Ndili ndi kope lodzaza mawu ovuta a Chingerezi omwe ndimatapa mu dikishonale n'kuloweza. Koma ndikawaika m'chimangirizo, aphunzitsi athu amawadula ndi cholembera chofiira. Ndikulakwitsa pati? Ndine mtsikana wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mwana wanga, khama uli nalo, koma ukuloweza mawu paokhapaokha, pamene liwu lililonse la Chingerezi lili ndi anzake oyenda nawo. Dikishonale ikuuza kuti commit ndi kuchita. N'zoona, koma sunganene kuti wachita commit homuweki. Liwuli limakonda crime ndi offence. Chimvula cha mu Januwale kwanuko ndi heavy rain, pamene mwera ukavuta panyanja asodzi n'kukocheza mabwato, imeneyo ndi strong wind. Ukasinthanitsa, Mngelezi amva ndithu, koma wochonga mayeso sakusiya.

Choncho kope lakolo lisinthe. Liwu latsopano uzilikopera pamodzi ndi chiganizo chonse chimene walipezamo. The Nation kapena The Daily Times, ngakhale yakale yomwe akulungira usipa pamsika, ndi yokwanira. Mu dikishonale namo usamathere pa tanthauzo. Pansi pake pamakhala ziganizo zachitsanzo, ndipo ophunzira ambiri omwe ndinawaphunzitsa kuno ku Salima ankangozidumpha, chikhalirecho phindu lili pomwepo.

Chenjeranso ndi mawu ofanana nkhope. Economic ndi za chuma cha dziko, pamene economical ndi chinthu chosawononga, monga chitetezo mbaula yomwe imadya nkhuni zochepa.

Njira imene ine ndimaikonda kwambiri ndi ya mizu ya mawu. Taona mal, kutanthauza choipa. Malaria anachokera ku Chitaliyana, mala aria, mpweya woipa, poti akale ankaganiza kuti malungo amabwera ndi fungo la m'madambo. Zinatengera Ronald Ross, mu 1897 ku India, kupeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, koma dzina lija linakhala chomwecho. Ukagwira muzu umenewu, malnutrition, malfunction ndi malpractice, lija amalitchula a MANEB pochenjeza obera mayeso, sukuwafunsanso kwa munthu. Mnzake wotsutsana naye ndi bene, chabwino, amene ali mu benefit ndi benevolent.

Tsopano za m'chipinda cha mayeso. Chingerezi ukachilephera, satifiketi ya MSCE sumaiona, ngakhale Masamu ndi Bayoloje utakhoza bwanji. Kumeneko si koyesera liwu lomwe unaliloweza dzulo usiku. Ngati ukukayika pakati pa purchase ndi buy, lemba buy, sataya nalo malikisi munthu. Mawu atsopano uziyesera panopa: panga ziganizo zakozako, za ku Chia, za nzimbe za ku Dwangwa, za kwanu, ndipo upite nazo kwa aphunzitsi akowo azidule teremu isanathe.