Ndinkawanena kuti zitsiru, mpaka geji yanga itandionetsa 20

Wina wanditumizira imelo. Wangoyamba kumene kuphunzira kusambira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya, ndipo chiwerengereni malipoti a anthu amene anafera pansipo sakugona tulo. Akufunsa ngati asiye kuwawerenga.

Achimwene, mwandikumbutsa manyazi anga. Ine malipotiwa ndinkawawerenga ngati woweruza milandu. Ndikamva kuti wina mpweya unamuthera ali pansi, ndinkangoti, "Chitsiru, nanga geji yoonera mpweya wotsala anaitengeranji?"

Kenako tsiku lina ndili pa mamita 28, ndikulondola kamba ndi kamera. Kamba uja sankathamanga n'komwe, ankangopalasa mwaulesi, ine pambuyo pake ngati mbuzi ya pachingwe. Nditakumbukira geji, singano inali pa 20 bar. Ndinatsika ndi 200. Mnzanga anali patali, ndikungoona mapazi ake akuphiriphitha. Thupi lonse linkandiuza kuti thawira kumwamba, ndipo ambiri amafera pomwepo: mpweya wa m'mapapo umafufuma kawiri kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba, ukaugwira osautulutsa mapapo amang'ambika. Ndinamupeza mnzangayo, n'kudutsitsa dzanja pakhosi kusonyeza kuti mpweya wandithera, iye n'kundipatsa chopumira chake chachiwiri. Tili m'boti sanandiyankhule. Bola akanandikalipira.

Chondiwawa n'chakuti ndinkadziwa bwino kuti pa mamita 30 botolo limatha msanga kanayi kuposa pamwamba. Pamayeso ndinakhoza. Ndiye musandiuze kuti amene amafa ndi mbuli. Ofufuza a Divers Alert Network, bungwe loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi, atasanthula imfa 947 za osambirawa, mu 2008 anapeza kuti pa ngozi zomwe chiyambi chake chinadziwika, pafupifupi 41 pa 100 zilizonse zinayamba ndi kuchepa kwa mpweya. Onsewo anali zitsiru? Ayi ndithu. Ndipo za makamerazi, ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa aliyense wongoyamba kumene kutsika nayo. Anzanga amati ndimakokomeza. Anene.

Sheck Exley, katswiri wa m'mapanga a m'madzi, malamulo ake anawatenga m'malipoti a imfa omwewa n'kuwalemba m'kabuku mu 1979. Limodzi ndi lija logawa mpweya patatu: gawo lopitira, lobwerera, lina losungira tsoka. Iyenso anafera m'madzi, ku Zacatón ku Mexico mu 1994. Izi zimandisowetsa mtendere mpaka lero.

Ndiye muziwerenga bwanji?

Musasiye, koma usiku pogona ayi. Mapeto ake musachedwe nawo, mukuwadziwa kale. Bwererani m'mbuyo mpaka mupeze kanthu koyamba kamene kanalakwika: chimfine chomwe anachinyalanyaza, mnzake amene anatalikirana naye, zitsulo zolemera zothandiza kumira zomwe sanazitaye. Mukafika poti "apa nanenso ndikanatero," lembani, mukafunse mphunzitsi wanu. A BSAC, bungwe la osambira pansi pa madzi la ku Britain, amatulutsa lipoti la ngozi chaka chilichonse, ndipo muli nkhani zambiri za amene anapulumuka. Yambani ndi zimenezo.

Kamba uja chithunzi chake sichinaoneke n'komwe.