Kodi mayi anga akasamalidwa bwanji ku nyumba ya okalamba?

FUNSO: Ndimakhala ku England ndi mayi anga a zaka 84, amene tsopano amaiwalaiwala ndipo agwapo kawiri ine ndili kuntchito. A khonsolo akuti akhoza kuwapezera malo ku nyumba yosamalira okalamba, koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi kumeneko akalandira chithandizo chotani? Kodi sazikangokhala pampando tsiku lonse? Ndine wowerenga wanu wa ku Leicester.

YANKHO: Nkhawa yanuyi ndi yomveka, ndipo funso lanu lachiwiri ndilo lolemera kwambiri.

Makhonsolo a ku England anapatsidwa udindo wopezera okalamba malo okhala kudzera m'lamulo la National Assistance Act la 1948, ndipo lero ntchitoyi imayendera lamulo la Care Act la 2014. Khonsolo iyenera kuunika kwaulere zosowa za mayi anu, kaya ali ndi chuma kaya alibe, kenaka n'kuona za malipiro. Amene chuma chake chaposa mapaundi 23,250 amalipira yekha, pamene wa chuma chosafika 14,250 amangopereka kuchokera pa penshoni yake n'kusiyiridwa kandalama ka m'thumba sabata iliyonse. Dziwaninso kuti nyumba zoyendetsedwa ndi khonsolo yeniyeniyo zatsala zochepa, choncho malowo akhoza kupezeka ku nyumba ya kampani kapena ya bungwe lachifundo.

Chakudya, kusambitsidwa, kuchapiridwa, kupatsidwa mankhwala pa nthawi yake ndi kuonedwa ndi dokotala wa NHS, lomwe ndi bungwe la boma la zaumoyo, zimenezi n'zoyenera kupezeka kulikonse. Kusiyana kwa nyumbazi kuli pa mmene munthu amathera tsiku lake. Nyumba zambiri zili ndi wantchito wokonza zochita za okalamba, monga kuimba, masewera olimbitsa thupi ochitira pampando, kulima maluwa, kuluka, mapemphero ndi maulendo aafupi. Zimenezi si zongotayitsa nthawi ayi, chifukwa miyendo yosayenda imafooka msanga ndipo mwini wake amagwa kawirikawiri, komanso munthu woiwalaiwala nthawi zambiri amakumbukirabe nyimbo za pa utsikana wake ngakhale mayina a adzukulu atamuthawa. Komabe ndandanda yokongola yomatidwa pakhoma isakukopeni. Ine ndimaona kuti mayi amene moyo wawo wonse ankakonda kuphika ndi kulandira alendo amasangalala kwambiri akaloledwa kukonza tebulo la chakudya kusiyana ndi kuikidwa pa masewera amene sanawakondepo.

N'chifukwa chake muyenera kukhalapo pamene akulemba dongosolo la chisamaliro chawo, ndipo muonetsetse kuti alembamo chilankhulo chimene mayiwo amamasuka nacho, chipembedzo chawo, nthawi imene amadzuka ndiponso dzina limene amafuna kuitanidwa nalo. Musanavomere malo, mukayendere nyumbayo masana pakati pa sabata, ndipo mukaone ngati antchito amacheza ndi okalambawo kapena amangowadutsa. Werenganinso lipoti la Care Quality Commission, bungwe limene lakhala likuyendera nyumbazi kuyambira 2009.

Kuwapititsa kumeneko sikuwataya, pakuti kuyambira Epulo 2024 malamulo amafuna kuti nyumbazi zizilola achibale kudzacheza, kupatula pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Zinthu zikapanda kuyenda bwino, yambani mwadandaula kwa mkulu wa nyumbayo ndi ku khonsolo, ndipo mukapanda kukhutira, nkhaniyo mukaitule kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi imene imafufuza madandaulo okhudza makhonsolo ndi chisamaliro cha anthu akuluakulu.