Tikiti ya Khrisimasi yopitira kumudzi: musadikire kuti itsike

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake tikiti ya ndege yochoka ku London kupita ku Lilongwe yomwe munaiona sabata yatha lero yakwera, komanso ngati n'kwanzeru kudikira kaye, poti mukufuna kukadyera Khrisimasi kumudzi pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana awiri. Pa ulendo wa Disembala, musadikire. Mtengo wa nyengo imeneyi sukonda kubwerera m'mbuyo.

M'ndege imodzi simukhala mtengo umodzi. Kampani imagawa mipando ya economy, ija ya anthu wamba, m'magulu angapo, gulu lililonse ndi chilembo chake, monga Y, M, Q kapena V. Mpando ndi womwewo, chakudya n'chomwecho. Chosiyana ndi ndalama, komanso malamulo osinthira tsiku ndi obwezera ndalama mukalephera ulendo. Gulu lotchipa limapatsidwa mipando yochepa, ikatha mtengo umalumphira pa gulu lotsatira. Kuonjezera apo, kompyuta ya kampani imafanizira mmene anthu akugulira chaka chino ndi mmene anagulira zaka zapitazo. Ikaona kuti ndege ikudzaza msanga, imatseka gulu lotchipalo ngakhale mipando ikadalipo yambiri, podziwa kuti ochedwa adzalipira ndithu. Matikiti amayamba kugulitsidwa pafupifupi miyezi 11 tsiku la ulendo lisanafike, choncho mipando yotchipa ya Disembala ena anayamba kale kuitola.

Njira yathuyi ili ndi vuto lake lapadera. Palibe ndege yochoka ku London kudzatera mwachindunji pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka. Mumadzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, ku Nairobi ndi Kenya Airways, kapena ku Johannesburg. Ndiye kuti popita ndi pobwera mukwera ndege zosachepera zinayi, ndipo mtengo wotsika umaoneka pokhapokha gulu lotchipa likakhala lotsegula m'ndege zonsezo. Pothina penipeni ndi pa ndege yomaliza yolowa m'Malawi. Ndi yocheperapo, koma imanyamula aliyense wochoka ku Ulaya, ku America, ku Dubai ndi ku China. Ikadzaza imeneyo, tikiti yonse yakwera, ngakhale ndege yaikulu yochoka ku Heathrow ikhale ndi malo.

Poti ndinu anthu anayi, chitani izi. Yambani mwafufuza mtengo wa munthu mmodzi, kenako wa awiri, kenako wa anayi. Tiyerekeze kuti m'gulu lotchipa mwatsala mipando iwiri yokha. Mukalemba anthu anayi, kompyuta siikupatsani iwiri yotchipa ndi iwiri yodula, imakuikani nonse m'gulu lodula. Mukaona kusiyana kotero, gulani pawiri: mayi ndi mwana mmodzi, bambo ndi mwana winayo, ndege yomweyo. Mwana asakhale pa booking yayekha. Lembaninso zaka za ana molondola, chifukwa msonkho wa boma la Britain wotchedwa Air Passenger Duty salipiritsa ana osakwana zaka 16 okwera economy. Wazaka 14 mukamulemba ngati wamkulu, mutha kumulipirira msonkho wosafunika.

Masiku ndiwo amasintha mtengo kwambiri kuposa china chilichonse chomwe mungachite. Sabata yomwe sukulu zatsekera mpaka pa 24 Disembala ndi yodula zedi, chimodzimodzi masiku oyamba a Januwale pobwerera, chifukwa kholo lililonse likulimbirana masiku omwewo. Yesani kusuntha ndi tsiku limodzi kapena awiri, yesani pakati pa sabata m'malo mwa Lachisanu ndi Loweruka. Kunyamuka pa 25 Disembala penipeni nthawi zambiri kumatsikirako, ngati mungalole kudyera Chaka Chatsopano kumudzi m'malo mwa Khrisimasi. Yesaninso kutera ku Blantyre n'kudzanyamukira ku Lilongwe pobwerera. Pa mawebusaiti ofufuzira matikiti a Google Flights ndi Skyscanner pali kalendala yoonetsa mtengo wa tsiku lililonse, ndipo mutha kutchera kuti azikutumizirani uthenga mtengo ukasintha.

Za kukwera kwa chaka ndi chaka, zambiri si za m'manja mwanu. Mafuta a ndege amadya gawo lalikulu la ndalama za kampani ndipo amagulidwa m'madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mafuta anakwera, matikiti n'kutsatira. Kwa abale ogulira ku Malawi palinso nkhani ya kwacha. Mtengo umawerengedwa m'madola, ndiye kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tikiti yomweyo inakwera kwambiri m'makwacha. Inu amene mumalandira mapaundi, gulirani komweko.

Zoti kampani imakweza mtengo ikaona kuti mwafufuza kangapo pa foni yanu zisakudyereni nthawi. Kawirikawiri n'kuti wina wagula mipando yomwe munaionayo.

Musamangoyang'ana nambala yoyamba kuoneka. Tikiti ina imatchipa chifukwa ilibe katundu wolowa pansi, kapena ili ndi chikwama chimodzi pomwe ina ili ndi ziwiri za makilogalamu 23. Kwa munthu wopita kumudzi ndi mphatso, kulipira chikwama choonjezera pabwalo la ndege kumadya zonse zomwe munapulumutsa. Chenjeraninso ndi kugula matikiti awiri osiyana, ina yofika ku Johannesburg, ina yopitirira ku Lilongwe. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe udindo wokupezerani malo ena, ndipo mu Disembala malowo savuta kusowa. Ngati kwanu ndi ku Mchinji kapena ku Chipata, onaninso mtengo wotera ku Lusaka, kungoti muwerengere tsiku lathunthu la pamsewu ndi ndalama zake.

Mukagula kudzera kwa agent, dziwani kuti kusungitsa malo si kugula. Mtengo umakhazikika tikiti ikatuluka basi. Mukalipira, funsani nambala ya tikiti ya manambala 13 ya munthu aliyense. Ya Ethiopian Airlines imayamba ndi 071, ya Kenya Airways ndi 706. Lowani pa webusaiti ya kampaniyo tsiku lomwelo, mutsimikize kuti tikiti ilipodi komanso kuti mayina alembedwa ndendende ngati mmene alili m'mapasipoti.