Za nyerere zija, msuweni

Eee, msuweni, ndalimva funso lako. Akuti nyerere zikukhudzana bwanji ndi mafoni. Koma iwe ndimakudziwa, funso lako siliyenda lokha. Chimene ukufuna kumva n'choti ndalama za ng'ombe ija zikugwira ntchito pa kafukufuku wangayu kapena ayi. Akutuma ndi azakhali, eti? Usakane, ndikukuona ukumwetulira uko.

Dikira kaye, kombi ikudutsa... ndili pa Mbare pano.

Ukukumbuka mmene amalume anafikira kuno? Analibe adiresi, analibe kalata. Ananyamuka wapansi kumudzi, kudzera ku Tete... ayi, anayamba agona kaye ku Dedza, kenako kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka Nyamapanda. Nsapato anazikoloweka m'khosi ulendo wonse kuti zisathe, n'kudzazivala akulowa mu Salisbury. Nthawi imeneyo dzina loti Harare linali la komboni ino ya Mbare, n'chifukwa chake agogo ankangoti "ali ku Halale". Ndiye amalume ankati panalibe munthu wodziwa njira yonse. Aliyense ankadziwa kachigawo kake basi: pitani kwa uje, iyeyo akakulozerani kwina. Koma amene ankawakhulupirira kwambiri ndi obwerera kumudzi, makamaka wokankha njinga yatsopano, bulangete lili pakaliyala. Ameneyo akati dzerani apa, ankadzeradi pomwepo. Njira imene sikunkachokera munthu ndi katundu, anthu ankaisiya, n'kumera udzu. Ankaikamba nkhaniyi uku akusenda mbatata, sunaiwale iwe, unkagona asanafike n'komwe pa Zambezi.

Nyereretu zimatero. Ikapeza chakudya imabwerera ikusiya fungo pansi. Ku Brussels, Jean-Louis Deneubourg ndi anzake anaziikira timilatho tiwiri, kakafupi ndi kakatali. Zodzera kakafupi zinkabwerera msanga, fungo n'kuchuluka kumeneko, mapeto ake pafupifupi zonse n'kumadzera komweko, popanda mfumu yozilamula. Marco Dorigo anazitengera pakompyuta mu 1992 ku Milan, ndipo cha m'ma 2004 ku Lugano, ku Switzerland, Gianni Di Caro ndi anzake anapanga AntHocNet, njira yotumizira mauthenga pakati pa mafoni ndi zipangizo zoyendayenda.

Tsono taganiza, nsanja ya netiweki palibe. Foni yako ikungolankhula ndi yoyandikana nayo, iyonso ndi ina, choncho. Ukufuna kupeza foni imene ili ndi intaneti, kapena ya anamwino. Ukafuulira mafoni onse nthawi imodzi, mauthenga amapanikizana, mabatire n'kutha. Ndiye timatumiza timauthenga ting'onoting'ono, timene timatitchula kuti nyerere. Kamene kapeza kamabwerera kakusiya chizindikiro pafoni iliyonse imene kadutsa. Ndipo chizindikirocho chiyenera kumazilala, apa ndi pamene ndimakondapo ine, chifukwa anthu amayenda, amene anali pa chitsime m'mawa masana ali kuchigayo. Chikazilala msanga njira yabwino imatayika, chikachedwa uthenga umalondola munthu woti anachoka kale. Ine ndikulimbana ndi pamenepo.

Mmm... namondwe wa Idai uja mu 2019, ku Chimanimani kuno ku Zimbabwe nsanja zinasiya kugwira, misewu inaduka. Freddy mu 2023, iwe wemwe unakhala masiku angati ukuimbira achemwali ku Chilobwe foni osalowa? Unkalira pagulu pompano. Mafoni anthu anali nawo m'manja, koma sankatha kupezana. Ndikufuna kuti tsiku ngati limenelo mafoniwo azipezana okha. Ndi chimene ndikuchita kuno, msuweni, kuti nsanja ikagwa uthenga wako uzidumpha foni ndi foni mpaka ukafike kwa achemwali.

Azakhali ukawauze choncho, usakawauze za Lugano, ukawasokoneza. Ukangoti mwana wanu akukonza zoti madzi akasefukira anthu azimvana ngakhale netiweki itathawa. Ndipo usipa uja unalonjeza chaka chatha uja, basi za ku Lilongwe zikufika pa Mbare pano sabata iliyonse, ndikudikira.