Achemwali, sekani, koma yang'anitsitsani amene mukumusekayo

Mayi wina wandilembera imelo. Anaonera filimu yoseketsa ya ku France ya 2017, À bras ouverts, imene bambo wolemera woseweredwa ndi Christian Clavier amadzitama pa TV kuti angalandire Aromani (mtundu wa anthu wobalalika m'maiko ambiri a ku Ulaya) kunyumba kwake, ndiye banja lonse limatulukira ndi kalavani n'kukhazikika pabwalo pake. Funso lawo ndi lakuti: kodi anthu amenewa amathawadi kwawo kukapempha malo, chikhalirecho ndi a ku Ulaya komweko? Nanga kuseka kwawo kunali kulakwa?

Achemwali, amathawadi. Makolo a Aromani anachokera kumpoto kwa India zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. M'madera amene lero ndi Romania anakhala akapolo mpaka 1856, ndipo a Nazi anawapha miyandamiyanda. M'ma 1990 achinyamata ometa mpala, otchedwa skinheads, ankawamenya m'misewu ya ku Czech Republic, ena mpaka kufa. Mu 1997 TV Nova, wailesi ya kanema ya ku Czech Republic, itaonetsa Aromani akukhala mwamtendere ku Canada, mabanja ambiri anagula matikiti n'kunyamuka. Chisanathe chakacho Canada inabwezeretsa lamulo la viza. Ena analowera ku Dover, ku Britain.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha 2001. Britain inaika maofesala ake pabwalo la ndege la Prague, likulu la Czech Republic, kuti azisefa anthu asanakwere ndege zopita ku Britain. Atolankhani awiri a Czech Television anapita ndi kamera yobisa, wina Mromani, wina woyera khungu. Ulendo umodzi, ndalama zofanana, mayankho ofanana. Woyerayo anadutsa. Mromani uja anamubweza. Mu December 2004 House of Lords, imene panthawiyo inali khoti lalikulu kwambiri ku Britain, inagamula kuti kusefako kunali tsankho.

Mukuona, nthabwala yeniyeni ikanakhala pamenepo, pa ofesala amene akuwerenga nkhope m'malo mwa pasipoti. Filimu mwaonerayo simafunsa n'komwe chimene chinachotsa banjalo kwawo. Imawajambula auve, aphokoso, ongodya zaulere, ndipo bambo wa banjalo, Babik, amaseweredwa ndi Ary Abittan, amene si Mromani. Ku France komweko ambiri anaidzudzula kuti ndi yatsankho, ndipo ine ndili kumbali yawo.

Pamene munaseka chinyengo cha wolemera uja, amene pakamwa pali chifundo koma geti akufuna lotseka, sindikukuimbani mlandu. Inenso ndinaseka pamenepo. Pofika pa Babik ndi ana ake, ine kuseka kunandithera.